Usiku umene thupi la atate linakana kuwamvera

Atate anabwera kudzakhala nafe kuno ku Mtendere, mu Lusaka, patangopita masabata atatu chigwidwireni ndi sitiroko kumudzi ku Katete. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafooka, koma ankayankhula bwinobwino ndipo nzeru zawo zinali zonse, moti tonse tinkaganiza kuti ntchito yaikulu imene inali patsogolo pathu inali yowaphunzitsanso kuyenda. Usiku wachinayi, cha m'ma 2 koloko, ndinamva ndodo ikugogoda pansi m'kanjira kopita kuchimbudzi, kenaka kunangoti zii. Nditatuluka ndinawapeza ataimirira, atatsamira khoma, buluku logonera litanyowa mpaka kumapazi, chitseko cha chimbudzi chili pafupi poti akanatha kuchikhudza ndi ndodo yawoyo. Sanandiyang'ane kumaso. Anangonena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, ndinamva bwinobwino kuti ndikufuna kutaya madzi, ndipo ndinaliuza thupi kuti lidikire, koma silinandimvere. Kodi ndabwerera ku ukhanda?" Nditawasintha zovala anandigwira dzanja n'kundipempha chinthu chimodzi, chakuti mpongozi wawo asaone zofunda zawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkazichapa ndekha mbandakucha anthu asanadzuke.

Ine ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale, ndipo chaka ndi chaka ndimajambula impso pabolodi n'kuzifotokoza kwa masiku angapo. Chikhodzodzo ndinkangochitchula m'mawu ochepa, kuti ndi thumba losungiramo mkodzo, n'kupitirira. Usiku umenewo ndinasowa choyankha, ndipo ndinazindikira kuti mawu akuti thumba ndi amene anandisocheretsa zaka zonsezi, chifukwa thumba silimva, silidikira, ndiponso silipempha chilolezo kwa mwiniwake.

Impso sizipumula. Pa tsiku zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi, n'kubweza m'thupi pafupifupi onse, ndipo otsala ake, amene kawirikawiri amakhala lita imodzi ndi theka, ndiwo mkodzo. Mkodzowu umatsika pang'onopang'ono usana ndi usiku kudzera m'timachubu tiwiri totalika masentimita 25 mpaka 30, timene timafinya ndi kumasuka motsatizana monga mmene dzanja limachitira pokama ng'ombe. Timachubuti timalowa m'khoma la chikhodzodzo mopendekera, kotero kuti chikhodzodzo chikamadzaza khomalo limatipsinja n'kutitseka, mkodzo osabwereranso ku impso. Khoma lenilenilo ndi mnofu umene madokotala amautchula kuti detrusor, ndipo ulusi wake unalukana mopingasa ndi mowongoka ngati nsungwi za dengu, kuti ukafinya uzifinya mbali zonse nthawi imodzi.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri pa mnofu umenewu ndi kufatsa kwake. Mpira ukamaupopa umalimba, koma chikhodzodzo chimatha kulandira mkodzo kwa maola atatu kapena anayi chikungofutukuka, mphamvu ya m'kati mwake osakwera kwenikweni. Munthu wamkulu amayamba kumva kuti muli kanthu mkodzo ukafika mamililita 150 mpaka 250, pafupifupi theka la kabotolo ka madzi kamene timagula m'misewu, ndipo ukafika 400 kapena 500 amayamba kufunafuna kolowera. Potulukira pake pali zipata ziwiri. Chipata cha m'kati, chimene chili pakhosi pa chikhodzodzo, ndi cha mnofu umene sitingaulamule mwakufuna kwathu, monga mmene sitilamulira matumbo. Chipata chakunja ndi mphete ya mnofu womvera munthu, ndipo ndi chimene timachimanga tikamadzigwira. Zonsezi zakhala pamwamba pa minofu ya pansi pa chiuno, imene yazinyamula monga chitenje chimanyamulira mwana kumbuyo. Njira yotulukira mkodzo ndi yaifupi mwa akazi, pafupifupi masentimita 4, pamene mwa amuna imafika masentimita 20 ndipo imadutsa pakati pa kachiwalo kotchedwa prostate.

Kufatsa kwa chikhodzodzo sikuchitika kokha, pali mitsempha yonyamula mauthenga imene ikugwira ntchito nthawi yonseyo. Ilipo magulu atatu. Gulu loyamba limachoka mu mtsempha waukulu wa mu msana pamene nthiti zathera ndi pamene chiuno chayambira, malo amene madokotala amawawerenga kuti T11 mpaka L2, ndipo uthenga wake ndi wakuti sunga. Limatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa noradrenaline, amene amachita zinthu ziwiri zosiyana pa nthawi imodzi: amafewetsa khoma la chikhodzodzo n'kumangitsa chipata cha m'kati. Gulu lachiwiri limachoka kumunsi kwenikweni, pa S2 mpaka S4, n'kutulukira m'timabowo ta fupa lija lili pakati pa mafupa a chiuno, ndipo uthenga wake ndi wakuti finya. Mankhwala ake ndi acetylcholine, ndipo akafika pa khoma la chikhodzodzo mnofu wonse umakungika. Gulu lachitatu ndi mtsempha wotchedwa pudendal, wochokeranso pa S2 mpaka S4, umene umayendetsa chipata chakunja. Maselo amene amaulamula anaunjikana pa kamalo kakang'ono mu msana, kamene dokotala wina wa ku New York dzina lake Bronislaw Onuf anakafotokoza mu 1899, ndipo mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. M'njira zomwezi mumadutsanso mauthenga okwera, ochokera m'khoma la chikhodzodzo, amene amanena kuti khomalo lakokeka motani.

Magulu atatuwa akanati aliyense azichita zake, bwenzi chikhodzodzo chikufinya chipata chili chotseka, kapena chipata chikutseguka popanda chofinya. Pamafunika wowagwirizanitsa, ndipo ameneyu sali mu msana ayi, ali m'tsinde la ubongo, pa chigawo chotchedwa pons. Dokotala wa opaleshoni wa ku London, F. J. F. Barrington, ndiye anasonyeza zimenezi mu 1925 pofufuza amphaka, pamene anaona kuti kamalo kena ka mu pons kakawonongeka mphaka amalephera kukhuthula chikhodzodzo chake ngakhale kuti msana ndi mitsempha yonse ya kumunsi zili bwino. Kamalo kameneka kamagwira ntchito ngati swichi ya magetsi, yomwe ili ndi mbali ziwiri zokha. Kakakhala chete, thupi limasunga. Kakayatsidwa, kamatumiza lamulo limodzi lokhala ndi dongosolo lake: choyamba chipata chakunja chimasuke, gulu lija la sunga likhale chete, ndipo pakangopita kamphindi khoma lifinye mpaka mkodzo utatha. Munthu wabwinobwino amakodza mwina kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri pa tsiku, ulendo uliwonse osakwana mphindi imodzi, zomwe zikutanthauza kuti pa maola 24 swichi imeneyi imayaka mphindi zochepa chabe, ndipo nthawi ina yonseyo pali chinachake chimene chikuigwira kuti isayake.

Chimene chimaigwiracho ndi mbali ya kutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, komwe kumachokera kulingalira za malo, nthawi ndi ulemu. Mauthenga ochokera ku chikhodzodzo amafika kaye pakati pa ubongo, n'kugawidwa ku zigawo zimene zimapangitsa munthu kumva kuti wadzazidwa ndiponso kuganiza ngati pano n'poyenera. Aliyense amene anakwerapo basi pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka kupita ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, amaidziwa ntchito imeneyi ngakhale sanaiphunzire m'kalasi. Mkodzo umakugwira mutangodutsa Chongwe, koma ukangovomereza mumtima kuti basi ikaima pa Luangwa, umamva ngati waphwa, ndipo umadzukanso mwamphamvu pamene basi yayamba kutsetsereka kuyandikira mlatho wa mtsinje wa Luangwa. Mkodzo sunachepe panjira ndipo sunachuluke mwadzidzidzi pa mlathopo, ubongo ndi umene unatsitsa mawu a chikhodzodzo n'kuwakwezanso utaona kuti malo ayandikira. N'chimodzimodzinso ndi munthu amene watsika basi atapanikizika koma akulephera kuyamba kukodza chifukwa pambali pake paima anthu ena. Ubongo wake sunakhutire kuti pamalopo m'pobisika, ndipo wakana kumasula swichi.

Apa ndi pamene ndinapeza yankho la funso la atate. Sitiroko inawononga mbali ya kumanja ya ubongo wawo, n'chifukwa chake kumanzere kunafooka, ndipo inadulanso zina mwa njira zochokera kutsogolo kwa ubongo zimene zimagwira swichi ija. Chikhodzodzo chawo chinali chabwino, msana unali wabwino, pons inali yabwino, ndipo kumva ankamva, monga ananenera okha. Chimene chinasowa ndi dzanja loletsa. Mkodzo ukangofika pa mlingo winawake swichi inkayaka yokha, ndipo kuchokera pamene amva mpaka pamene mkodzo watuluka pankangodutsa kanthawi kochepa, kosakwanira munthu woyenda ndi ndodo. Pafupifupi theka la anthu amene amagonekedwa m'chipatala chifukwa cha sitiroko amakumana ndi vutoli m'masiku oyambirira, ndipo ambiri mwa iwo amapezako bwino miyezi ikamapita. Nditawafotokozera zimenezi tili pakhonde, ndikujambula ndi makala pa katoni, anakhala chete kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye kuti msilikali wa pachipata ndi amene wavulala, osati mwini mudzi." Ndinawavomera, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika.

Komabe panali choona china m'mawu awo a ukhanda. Khanda limakodza chifukwa chikhodzodzo chadzaza basi, popeza njira za kutsogolo kwa ubongo sizinakhwime kuti zigwire swichi. Ana ambiri amayamba kudzigwira masana ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo usiku amachedwerapo. Nkhani imeneyi inandilasa mumtima chifukwa m'nyumba momwemo munali mwana wanga wamwamuna wa zaka 7, amene ankakodzabe pogona, ndipo ine ndinali nditamukalipira kambirimbiri, mpaka kumukakamiza kuti azitulutsa yekha matiresi ake padzuwa anzake akuona, poganiza kuti manyazi amuchiritsa. Zoona zake n'zakuti usiku thupi limayenera kuchulukitsa mahomoni otchedwa vasopressin, amene amauza impso kuti zichepetse mkodzo, ndipo mwa ana ena dongosolo limeneli limachedwa kukhazikika. Ena chikhodzodzo chawo chimafinya chisanadzaze, ndipo ambiri ubongo wawo sudzuka ngakhale uthenga ufike. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona, ndipo vutoli limayenda m'magazi a banja. Atate atamva zimenezi anandiuza modekha kuti inenso ndinachedwa chimodzimodzi, ndipo malemu amayi ankangochapa mphasa osanena kanthu. Madzulo a tsiku limenelo ndinamuitana mwanayo n'kumupepesa, ndipo sindinamutulutsitsenso matiresi.

Ku fiziyo, malo ophunzitsira odwala kulimbitsanso ziwalo kumene ndinkaperekeza atate kawiri pa sabata, ndinadziwana ndi mnyamata wina womanga nyumba, amene anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja ku Chalala n'kuthyoka msana pakati pa mapewa. Vuto lake linandiphunzitsa chifukwa chimene wogwirizanitsa uja ali wofunika chotere. Mwa iye ubongo unali bwino ndipo mitsempha ya kumunsi inali yamoyo, koma njira ya pakati pake inali itaduka. Masabata oyambirira chikhodzodzo chimangoti lefu, osafinya konse, ndipo mkodzo umayenera kutulutsidwa ndi kachubu. Kenaka msana wa kumunsi umadzuka n'kuyamba kudzilamulira wokha, koma popanda dongosolo lochokera ku pons, moti khoma limafinya pa nthawi yomweyo imene chipata chakunja chikumanga. Mphamvu ya m'kati imakwera, mkodzo umakankhidwira m'mwamba ku impso, ndipo impso zimawonongeka mwakachetechete munthu osamva ululu uliwonse. Kale anthu ambiri ovulala msana ankamwalira ndi matenda a njira ya mkodzo ndi impso, osati ndi kuvulalako. Zinthu zinayamba kusintha pamene Ludwig Guttmann anatsegula malo osamalira ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England mu 1944, n'kulimbikitsa zoti kachubu kazilowetsedwa pa nthawi yake n'kuchotsedwa, osati kusiyidwa m'thupi. Mu 1972 Jack Lapides wa ku yunivesite ya Michigan anasonyeza kuti wodwala angathe kuchita zimenezi yekha kunyumba ndi manja osamba bwino ndi kachubu koyera, chifukwa chinthu choopsa kwambiri ndi chikhodzodzo chodzaza mopitirira muyezo. Mnyamata uja amachita zimenezi maola anayi kapena asanu ndi limodzi aliwonse, ndipo anandiuza kuti mutu ukangoyamba kumuwawa mogunda, nkhope n'kutuluka thukuta, amadziwa kuti chikhodzodzo chadzaza. Amanena zoona, chifukwa mwa anthu amene msana unaduka pa T6, cha pakati pa mapewa, kapena kumtunda kwake, chikhodzodzo chodzaza chimatha kukweza kuthamanga kwa magazi mpaka kuika moyo pachiswe, ndipo chithandizo choyamba ndi kumukhazika tsonga munthuyo n'kutulutsa mkodzo. Kuno kwathu si ngozi zokha zimene zimabweretsa zimenezi, TB ya mafupa a msana imathanso kupsinja mtsempha waukuluwo. Munthu amene msana ukumuwawa, ndipo mwadzidzidzi wachita dzanzi pakati pa miyendo n'kuyamba kulephera kukodza, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha yopsinjidwa ikachedwa kumasulidwa siibwereranso.

Palinso kudontha kwa mkodzo kumene kumanyenga, chifukwa kumaoneka ngati chipata chalephera pamene zoona zake n'zakuti chikhodzodzo chadzaza mpaka kusefukira. Matenda a shuga akakhalitsa amawononga mitsempha yomvera, munthu osazindikiranso kuti wadzazidwa, ndipo khoma limakokeka mpaka kutha mphamvu. Mwa abambo achikulire prostate ikakula imapana njira, ndipo bambo wotero akamwa mankhwala ena a chimfine, amene amamangitsa chipata cha m'kati kapena kufooketsa khoma, amatha kutsekeka mkodzo usiku umodzi wokha. Amayi nawo ali ndi mtolo wawo: kubereka kumakoka minofu ya pansi pa chiuno ndi mtsempha wa pudendal, mkodzo n'kumatuluka akatsokomola, akaseka kapena akasenza ndowa, ndipo masewera omanga ndi kumasula minofu imeneyi, amene Arnold Kegel anawafotokoza mu 1948, amathandiza ambiri akachitidwa mosadumphitsa kwa miyezi ingapo. Fistula ndi nkhani ina yosiyana, chifukwa pamenepo mutu wa mwana umene unakhalitsa panjira umasiya bowo m'khoma, ndipo palibe kudzigwira kumene kungatseke bowo, koma opaleshoni. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu onsewa timawaika m'gulu limodzi la odzikodzera, n'kumawanena kumbali kuti ndi auve kapena kuti analodzedwa, pamene aliyense ali ndi malo akeake pamene uthenga waduka, ndipo malo ambiri mwa amenewa ali ndi chithandizo.

N'chifukwa chake dokotala amene anaona atate sanathamangire kulemba mankhwala. Anayamba wayeza mkodzo ngati muli tizilombo, anaunika chikhodzodzo ndi makina atate atangokodza kuti aone ngati mukutsala mkodzo wambiri, ndipo anayezanso prostate ndi shuga. Anatiuza kuti alipo mankhwala monga oxybutynin amene amatchinga acetylcholine kuti khoma lisamafinye msanga, koma mwa okalamba amaumitsa kukhosi, amadzimbitsa, ndipo nthawi zina amasokoneza mutu, choncho anafuna kuti tiyambe ndi njira zina. Atawafunsa kuti amamwa madzi ochuluka bwanji, atate anaweramitsa mutu n'kuulula kuti anali atasiya kumwa madzi mwakabisira, ndipo kapu imene mpongozi wawo ankawapatsa ankaikhuthulira m'maluwa a pakhonde. Ankaganiza kuti akuchepetsa vuto, koma mkodzo wokhathamira umayabwa khoma la chikhodzodzo n'kulichititsa kufinya pafupipafupi, ndipo kusowa madzi kunawadzimbitsa, matumbo odzazawo n'kumapsinjanso chikhodzodzo.

Tinagula kope la ana a sukulu n'kulemba mizere. Maola awiri aliwonse, kaya amva kaya sanamve, atate ankapita kuchimbudzi, ndipo tinkalemba nthawi yake ndi zimene amwa. Cholinga chinali choti chikhodzodzo chikhuthulidwe chisanafike pa mlingo umene swichi imayaka yokha, kenaka n'kumatalikitsa nthawiyo pang'onopang'ono. Madzi ankamwa okwanira masana n'kuchepetsa dzuwa likalowa, ndipo tiyi wa madzulo, amene anamuzolowera kwa zaka zambiri, tinamusamutsira m'mawa chifukwa tiyi ndi khofi zimachulukitsa mkodzo ndi kudzutsa chikhodzodzo. Pambali pa bedi tinaika kandowa ka chivundikiro, ndipo m'kanjira tinasiyamo nyali ya sola chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. A fiziyo anawaphunzitsa kuti mkodzo ukawagwira mwadzidzidzi asathamange, koma aime, amange minofu ya pansi kangapo motsatizana mpaka mphamvuyo itaphwa, kenaka ayende modekha. Izi zili ndi maziko ake m'mitsempha, popeza chipata chakunja chikamangidwa chimatumiza uthenga ku msana umene umatontholetsa khoma. Amene anatenga udindo woyang'ana wotchi anali mdzukulu wawo uja, ndipo nthawi ikakwana ankafika pakhonde n'kunena mwaulemu kuti, "Agogo, nthawi yakwana," iwo n'kumuyankha kuti, "Zikomo, aphunzitsi."

Patapita miyezi isanu, nthawi inali itatalika kufika maola atatu ndi theka, ndipo masiku ouma m'kope muja anali ochuluka kuposa onyowa, ngakhale kuti usiku wina ndi wina ngozi inkachitikabe. Atate anayamba kunena za munda wawo, ndipo mvula isanayambe ndinawaperekeza kumudzi. Tinakwera basi ya m'mamawa pa Intercity, nditapempha mpando wa pafupi ndi chitseko, ndipo m'chikwama ndinaikamo buluku lina ndi nsalu, osawauza. Anakodza tisanakwere, anamwa madzi pang'onopang'ono panjira, ndipo tikudutsa mapiri a ku Rufunsa ndinawaona atatseka maso, dzanja lamanja litagwira bondo, akupuma mwakuya monga anawaphunzitsira. Basi itaima pa Luangwa pakati pa ogulitsa nsomba zouma ndi madengu, anatsika ndi ndodo yawo, anakana dzanja langa, n'kuyenda okha mpaka kuchimbudzi. Pobwera anandipempha kope lija, analemba okha nthawi, 10:40, ndipo anandituma kuti ndikagule nsomba ziwiri zoti akapatse alongo awo ku Katete.